Nyerere m'Chitini cha Amayi

"Tembenukani, alamu, achimwene aone okha," anatero azakhali a Armanda. "Ine ndikanena amati ndili ndi pakamwa."

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono pakati pa bwalo, manja atakweza ngati mwana amene akumuyeza malaya a sukulu. Diresi la ukwati, la chitenje cha kapulana wobiriwira wa maluwa achikasu, linali lendelende m'mapewa. M'chiuno munatsala malo oti n'kubisamo nkhuku.

"Telala wakulitsa," amayi anatero motsitsa mawu.

"Telala sanakulitse kanthu. Anakuyezani pa Pasaka ine ndili pomwepo. Mwachepa ndinu."

Abambo anali pakhonde, akupukuta unyolo wa njinga ndi kansanza. Lamulungu lokha ndi limene njingayo inkapuma. Masiku ena onse inkanyamula mabelo a shuga kuchokera kumalire kukatula m'timasitolo ta pa vila, katauni kathu.

"Make Telma," anatero osakweza maso, "kodi m'nyumba muno ufa watha?"

"Ufa ulipo."

"Shuga?"

"Alipo."

"Ndiye nenani pamaso pa achemwali angawa chimene ndakumanani."

"Simunandimane kanthu, bambo a Telma. Ndi anamwino a Ivone amene anandiletsa. Matenda anga ndi a shuga, mukudziwa."

Abambo anaponya kansanza kaja pansi. "Ine tsiku ndi tsiku ndimakwera chitunda ndi mabelo anayi. Vila yonse imamwa tiyi wa thukuta langa. Ndiye mkazi wa Paulino yekha azimwa madzi otentha ngati wandende? Dzulo pa mersado, pamsika pathupa, mnzanga wa njinga Carlitos wandifunsa pagulu, 'Kodi mayi kunyumba ayamba kumwa mankhwala aja?' Mukuwadziwa mankhwala amene amanena. Anyamata onse a njinga anangoti zii, kundiyang'ana ine."

"Shuga ndi matenda a mabwana a ku Maputo okhala m'maofesi," anatero azakhali. "Munthu wolima nandolo shuga amutenga kuti? Alamu, wakutsina khutu ndi mnansi. Zaida wanga akukwatiwa kamodzi kokha. Inu ndinu madrinya wake, muimira mwana kutchalitchi, mukhala kutsogolo pafupi ndi padiri. Akuchimuna onse a ku Mongue maso adzakhala pa inu. Akaona mafupa awa adzati banja limene talowali lili ndi chiyani?"

Ine Telma ndinali pakhomo la khitchini ndi mbale ya amayi m'manja: mazira awiri, mpiru wotendera ndi kamtanda ka mgaiwa kochepa ngati dzira. Tsiku limene anamwino ankalankhula ndinali nawo kuchipatala. Anagwira phazi lamanzere la amayi, pamene chitsa cha nandolo chinawabaya pansi pa chala chachikulu, n'kunena kuti, "Mapiritsi okha sakwana. Shuga akapanda kutsika, bala ili silipola. Likapanda kupola, kuchipatala chachikulu cha ku Quelimane sakambirana, amadula." Ndinafuna kubwereza mawu amenewo pabwalo paja. Anafika pakhosi n'kubwerera. Ndine munthu wotero, ngakhale m'kalasi yankho ndimalidziwa koma mkono sukwera.

Abambo anaimirira n'kutsamiritsa njinga kukhoma.

"Kwatsala masabata asanu ndi limodzi," anatero. "Diresi ili lisapite kwa telala kukachepetsa. Munthu ndiye abwerere m'diresi."

Chimene chinkawasautsa amayi sichinali kuchepa kwa nsima. Chinali kutsekemera. M'mawa uliwonse ankathira masupuni atatu m'kapu ya abambo, n'kuima kaye ndi supuniyo m'manja asanaitsuke. Tsiku lina ndinawapeza akutola ndi chala timibulu ta shuga timene tinagwera patebulo.

"Usandiyang'ane choncho," anatero. "M'kamwa mwanga mwakhala ngati pamaliro. Munthu ungakhale moyo wonse ndi mpiru?"

Kusukulu ndinabwereka foni ya mnzanga Belmira pa nthawi yopuma. Ndinapeza azimayi a ku Brazil akuonetsa kadyedwe kamene amati keto, kopewa shuga ndi zaufa. Mmodzi ankaumba maswiti a chokoleti ndi mtedza wopera. Anali ndi firiji yaitali ngati chitseko, ndi kabotolo ka madontho otsekemera amene pa vila sindinawaonepo. Koma nditayang'anitsitsa chimene ankatapa ndi supuni ndinaseka ndekha. Chinali chiponde. Ife mtedza tinali ndi matumba awiri kuchipinda.

Chovuta chinali kakau, ufa wa chokoleti wopanda shuga. Zitini zonse za m'timasitolo zinali zosakaniza kale. Ndinaupeza kwa dona Angélica, amene amaphika bolo, keke ya maukwati. Ndinawatsukira mathireyi Loweruka lonse, iwo n'kundipatsa theka la chitini.

Mtedza ndinaukazinga pa chiwaya, moto wochepa, mpaka makoko anayamba kusweka okha. Ndinaupikicha m'manja, kuupeta, kenako mumtondo. Chiponde cha ndiwo sichichedwa, koma ichi chimafuna usinje mpaka mafuta atuluke, munsi uyambe kumata. Ndinapala kokonati, kumuyanika pang'ono, theka n'kusinjira momwemo. Masupuni atatu a kakau, kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Ndinaumba timipira tonga mazira a njiwa, n'kutigubuduza mu kokonati wotsala. M'malo mwa firiji ndinatiika m'chitini cha mkaka chotseka bwino, chitinicho n'kuchikhazika m'mphika wadothi wa madzi kuseri kwa mtsuko. Mphepo ya Julaye yotsika m'phiri la Tumbine inachita zotsalazo. Mawa lake tinali titalimba.

Ndinalawa kamodzi. Kanali kowawa ngati khungwa la mtengo. Ndinakalavulira kuseri kwa khitchini, n'kulumbira kuti sindidzayesanso.

Amayi anatenga kawo, kukanunkhiza, n'kuluma pang'ono ndi mano akutsogolo. Anatafuna nthawi yaitali.

"Kakuwawa," anatero.

"Ndikataye?"

"Utaye chiyani? Kakuwawa, koma kakununkhira Khirisimasi. Pakamwa pali ndi chochita tsopano."

Tinagwirizana tiwiri patsiku, kena masana, kena ndi tiyi wopanda shuga wa madzulo. Patatha masabata awiri tinapita kuchipatala. Anamwino anabaya chala cha amayi, kuyang'ana kamakina kawo, n'kumwetulira. Bala linali litayamba kufiira bwino m'mbali. Amayi anatulutsa kampira kamodzi kamene anamanga pansonga ya kapulana, anamwino n'kulawa.

"Iii, mwana iwe, ukufuna kundipha?" anaseka atakwinya nkhope. "Koma usasiye. Mubwerenso pakatha masabata awiri, musalumphe."

Madzulo a tsiku limenelo abambo anandipeza ndikuumba. Anatola kamodzi, kukaponya m'kamwa, n'kulavulira nkhuku.

"Ndimatumiza mwana kusukulu kuti akaphunzire kuumba manyi a mbuzi? Izi ndi zimene zikumaliza mkazi wanga?"

"Shuga watsika, papa," ndinatero. "Anamwino anena."

"Watsika ndi thupi lomwe. Akatsikanso pang'ono tidzamufuna ndi tochi."

Patapita masiku atatu anabwera ndi nkhope ina. Anandipeza pamtondo, n'kugwira dzanja langa, kuliyang'ana m'kati.

"Matuza onsewa? Mayeso ayandikira, cholembera uchigwira bwanji? Pa mersado pabwera makina opera chiponde. Kazinga mtedzawo undipatse, ndizikuperetsera ndikamachokera kumalire. Mutu umodzi susenza denga."

Mumtima munatentha bwino. Ndinaganiza kuti mawu a anamwino awalowa.

Anabwera nacho m'botolo la kukamwa kwakukulu. Chinali chosalala, chakuda pang'ono kuposa changa.

"Makina amatentha, n'chifukwa chake chada," anatero. "Uzitseka kwambiri, fumbi lingalowe."

Ndinasakaniza monga mwa nthawi zonse, kakau, kokonati, kamchere. Sindinalawe. Mawa lake masana amayi analuma kampira koyamba n'kusiya kutafuna. Anayang'ana kukhonde kumene kunali abambo, kenako anandiyang'ana ine.

"Bwanji, mama? Ndalakwitsa?"

"Ayi." Anameza. "Waphunzira, mwana wanga. Dzanja lako lakhwima."

Kuyambira pamenepo tiwiri sitinkakwananso. Tinakhala tinayi, kenako tisanu ndi kamodzi. Ine ndinkanyada, ndinkaumba ndikuloweza Biyoloje. Nawo abambo anasintha. Akaweruka ankakhala pamphasa pafupi ndi amayi, kuwafotokozera za kumalire, za mayi wina wa ku Muloza amene anabisa nkhuku m'chitenje ngati mwana, nkhukuyo n'kulira pamaso pa alonda. Amayi ankaseka mpaka kupukuta misozi. Tsiku lina ndinamva abambo akuwaitana kuti Feli. Dzina la amayi ndi Felizarda, koma chibadwire changa ndinali ndisanamve likutuluka m'kamwa mwa abambo.

Tsiku lobwerera kuchipatala azakhali anafika m'mawa ndi malichero.

"Lero tikupeta chimanga cha thobwa. Madrinya asowe pantchito ya mwana wake? Chipatala sichithawa, alamu, chili ndi maziko."

Amayi anapita nawo.

Zina ndinkaziona ndithu. Mtsuko unkatha madzi msanga. Amayi ankapita kuseri kawirikawiri, masana ankawodzera ali chikhalire. Koma masaya anali atayamba kudzaza, miyendo nayo, ndipo azakhali atabwera kudzayesanso diresi anaimba nthungululu mpaka agalu a kwa aneba anauwa.

"Thupi labwera! Achimwene, mwachita chamuna. Ndinanena ine, munthu amachira ndi kudya."

Kutatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike, Loweruka m'mawa, ndinaona mzere wa nyerere. Unachokera pakhomo la khitchini, kutsata khoma, kukhotera kuseri kwa mtsuko. Sabata ya mayeso ndinali nditaiwala kuwonjezera madzi m'mphika uja, ndipo anali ataphwa. Chivindikiro cha chitini amayi sanachikanikize. Nditatsegula, m'kati munali bii.

Ndinaima ndi chitinicho. Timipira toyamba tija nyenyeswa zake zinkagwa pansi tsiku lonse, kumabwera nyerere ziwiri zitatu, n'kupita. Izi zinali ngati zaitanidwa ku phwando.

Ndinasasa kampira kamodzi n'kuluma. Kanali kotsekemera ngati nzimbe. Ndinatsitsa botolo la chiponde, kulowetsa chala mpaka pansi. Chala chinatuluka ndi timibulu tofiirira, ta shuga yemwe uja wa m'mabelo.

Amayi anali kuseri kwa nyumba, akuothera dzuwa, phazi atalikulunga ndi chidutswa cha kapulana wakale. Ndinaika chitini patsogolo pawo. Anayang'ana nyerere zija, osadabwa.

"Munkadziwa," ndinatero.

"Lilime langa silinafe."

"Nanga bwanji simunandiuze? Ndakhala ndikukuumbirani ndi manja angawa, mama. Masabata atatu!"

"Tsitsa mawu."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena, ndiye chiyani? Mkangano uyambirenso? Mbale ziziswekanso?" Anatola nyerere imodzi pa kapulana wawo n'kuiika pansi. "Iwe sunakwatiwe. Ndakhala ndi abambo ako zaka makumi awiri. Masabata atatu awa ndi amene akhala nane pamphasa ngati munthu ndi mnzake. Akuganiza kuti akundichiritsa. Ndiwauze kuti chiyani? Ndipo ndisakunamize, ndinkakufuna kutsekemerako. Ndinkati kamodzi kokha, mawa ndinena. Mawa likafika, kamodzi kokha."

"Ndionetseni phazi."

"Siya."

"Mama."

"Silikupweteka n'komwe. Likanakhala loipa bwenzi ndikulira."

Ndinamasula ndekha. Fungo ndi limene linayamba kundipeza. Bala limene linali lofiira bwino lija linali litakula ngati chivindikiro cha botolo, chala chachikulu chitada kunsi. Ndinakanikiza chala changa pamsongolo. Nditachotsa, kadzenje kanatsala pomwepo, osabwerera.

"Uku si kunenepa," ndinatero. "Tiyeni kuchipatala lero."

"Abambo ako abwere kaye."

Anabwera masana, azakhali ali pa kaliyala ndi mtolo wa mbale zobwereka. Ndinawadikira pakhonde. Ndinaika botolo ndi chitini pampando wawo.

"Papa, mwathira shuga m'chiponde."

Anayang'ana azakhali, azakhali n'kuyang'ana kumbali. Pamenepo ndinadziwa kuti nzeruyo anapangana awiri.

"Ndathira," anatero abambo. "Ndi poizoni? Ndi chakudya chimene anthu amalimbirana pamzere. Mwamuna akaona mkazi wake akutha, azingoyang'ana? Tawaona mayi ako mmene akuonekera lero. Ndi mmene analili mwezi watha?"

"Akutupa, papa. Bala lawola."

"Tamverani dokotala wa kalasi leveni," anatero azakhali akutsitsa mbale. "Mwana iwe, mawu a akulu amakoma akagonera. Ife tinabereka ana m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi, kopanda anamwino ako. Bala la chitsa ndi chinthu chodabwitsa? Tithira mchere ndi madzi ofunda."

"Anamwino anati likapanda kupola amadula."

"Amaopseza kuti anthu azimwa mapiritsi."

Abambo anapita kuseri. Ndinawatsatira. Anayang'ana phazi lija ali chiimire, patali. Kwa kanthawi ndinaganiza kuti atenga njinga.

"Akapita lero amugoneka," anatero azakhali kumbuyo kwathu. "Ndikuwadziwa. Amugoneka masabata awiri. Ukwati ukhale wopanda madrinya? Mayina analembedwa kale kwa padiri. A ku Mongue adzati chiyani, kuti mkazi wa Paulino wagonekedwa? Ndiye Carlitos uja adzakhala kuti ananama?"

Dzina la Carlitos linagwira ntchito yake. Abambo anawongoka.

"Lolemba ukwati ukatha ndidzamunyamula ndekha," anatero. "Ndalonjeza pamaso pa nonse. Shuga ndasiya, uziumba zowawa zakozo. Koma za phazi zisatuluke pakhomo pano."

"Masiku asanu ndi awiri okha, Telma," amayi anatero. "Ndapirira zambiri kuposa apa."

Atachoka onse, amayi anandikoka mkono. "Usakanene kwa anamwino. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukawachititsa manyazi abambo ako pa vila, tidya chiyani, sukulu upita ndi chiyani?"

Ndinataya chiponde chija kudzala, n'kubwerera pamtondo. Amayi ankadya timipira towawa osadandaula, koma phazi silinamve. Lachiwiri anandituma tomato ku mersado. Ndikusankha, wina anandigwira paphewa.

"Mwana wa maswiti! Amayi ako sanabwere tsiku lawo. Ali bwanji?"

Anali anamwino a Ivone, atanyamula kabichi. Kuseri kwawo, pansi pa mtengo wa mango, anyamata a njinga anali pamzere wawo. Carlitos anali pomwepo, akusenda nzimbe, maso ali kwa ife.

"Ali bwino," ndinatero.

"Bala lija?"

"Likupola."

"Chabwino. Koma abwere ndilione. Ukwati ukatha, eti? Ndamva kuti ndi madrinya." Anandisisita patsaya n'kumapita.

Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa sitolo ya njinga. Anali pafupi, ndikanathamanga ndikanawapeza. Ndinalipira tomato n'kubwerera kunyumba.

Tsiku la ukwati diresi linakwana ngati anasokera pathupi. Abambo anali atagula nsapato zoyera zotseka kutsogolo, kuti nsanza ya pabala isaoneke. Yakumanja inalowa. Yakumanzere azakhali anachita kupaka mafuta odzola, n'kukankha chidendene ndi supuni.

"Zikupweteka, alamu?"

"Ayi."

"Mwaona? Tiyeni."

Amayi anaima Misa yonse pafupi ndi Zaida. Anayenda kuchokera kutchalitchi mpaka kwa azakhali, kumbuyo kwa galimoto ya akwati. Pa perekaniperekani anavina nyimbo zitatu, abambo akuwaponyera ndalama pamapewa, anthu akukuwa. Ndinamva mayi wina wa ku Mongue akuuza mnzake kuti, "Uyo ndiye amasunga mkazi." Carlitos anabwera kudzagwira abambo chanza ndi manja awiri.

Dzuwa lisanalowe amayi anandinong'oneza kuti akumva kuzizira. Ndinawaperekeza kunyumba. Nsapato yakumanzere inakana kuvuka. Ndinachita kuidula ndi lezala.

Lolemba la abambo silinadikirike. Lamulungu m'mawa amayi ankanjenjemera, thupi lili moto, akundiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Pa kaliyala sankatha kukhala okha. Abambo anawamangirira kumsana kwawo ndi zingwe zamphira zomangira mabelo, ine ndikuthamanga pambali nditagwira phazi kuti lisagunde sipoko.

Anamwino a Ivone anamasula nsanza. Sanakuwe. Anaitana dokotala, kenako anatembenukira kwa ine.

"Unati likupola."

Ndinayang'ana pansi.

"Akhala akudya chiyani mayiwa?"

Abambo ankawerenga chipepala cha katemera chimene chinali pakhoma. Amayi anatsegula maso, nzeru zitabwerera pang'ono ndi madzi a m'botolo amene anawaika pamkono.

"Ndinkaba shuga ndekha," anatero. "Mwanayu asakalipiridwe. Bambo ake sankadziwa."

"Ayi," ndinatero. Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira, mpaka odwala a pabedi lina anatembenuka. "Shuga anali m'chiponde. Anathira ndi papa kuti mama akwane m'diresi. Ndinaumba ndine, osalawa. Nditadziwa ndinakhala chete sabata yathunthu, ndipo inu ndinakunamizani."

Abambo anatuluka, tinamva nsapato zawo mpaka kumapeto kwa khonde. Anamwino anandiyang'ana kanthawi, kenako anatenga cholembera n'kuyamba kulemba kalata yotumiza amayi ku Quelimane. Mawu amene ndinawasunga masiku asanu ndi atatu anali atatuluka, ndipo sanasinthe chilembo ngakhale chimodzi pa kalatayo.

Anadula m'munsi mwa bondo.

Tinabwerera kunyumba patatha masabata atatu, nandolo atauma m'munda wopanda wothyola. Kutupa kunali kutatha, amayi anali ochepa kuposa tsiku lija la diresi. Powatsitsa m'galimoto ndinawanyamula ndekha, ndipo anandiseka m'khutu. "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Akale ankanena ine." Ine sindinathe kuseka.

Abambo amachoka m'mawa, kubwera madzulo, kudya ali chete. Pamphasa sanakhaleponso. Tsiku lina ndinapeza chitini chatsopano cha kakau pakhomo la khitchini, chosatsegula. Ndinadziwa kuti anachisiya ndi abambo. Ndinachitembenuza n'kuwerenga zolemba zonse za kumbuyo kwake ndisanachitsegule. Mtedza ndimasinja ndekha, ndipo pa timipira tonse timene ndaumba ndimayamba ndaluma kamodzi. Kuwawa kuja ndinakuzolowera.

Azakhali anabwera Lamulungu lachiwiri, ndi nthochi ndi foni ya Zaida. Anakhala pakhonde pafupi ndi amayi, maso akuthawa pamene kapulana anagona pansi popanda kanthu.

"Zonse ndi Mulungu, alamu. Chakudza sichiimba ng'oma."

"Ichi chinaimba," anatero amayi. "Tinkavina."

Azakhali anakhosomola, n'kuyamba kusisita foni. "Ndabwera ndi zithunzi, mwina mtima ungatsike. A ku Mongue mpaka lero akukusimbani. Taonani apa mmene munakongolera. Masaya awo! Diresi ngati munabadwa nalo."

Amayi analandira foniyo ndi manja awiri. Pachithunzipo anali ataima pakhomo la tchalitchi, Zaida kumanja, abambo kumanzere atavala jekete, akumwetulira mano onse. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Abambo anali pabwalo, akupopa tayala limene linali lolimba kale.

"Telma," amayi anandiitana, "zinthu izi mumazikulitsa bwanji?"

Ndinagwada pafupi n'kuika zala ziwiri pankhope yawo.

"Osati kumaso," anatero. "Tsitsa m'munsi. Ndione phazi langa."